Mlendo Wogogoda Pakhomo la Kompyuta

Nkhani imene ndadza nayo lero ndi ya kanthu kakang'ono, kosaposa chala chachikulu cha dzanja, kamene ena amakamangirira ku makiyi a nyumba, ena amakabisa m'kachikwama pamodzi ndi chiphaso, kamene tonse tidazolowera kukatcha fulashi. Ndipo makamaka ndifuna kuti tikambe za tsiku lija limene munthu, atalowetsa kanthuko m'bowo la kompyuta ya patebulo, nayembekeza kuti makalata ake aonekere monga mwa masiku onse, apeza kompyutayo ili duu ngati sidamve kanthu, kapena imuyankha ndi mawu a Chingerezi amene amaumitsa malovu m'kamwa.

Chimene chandiutsa mtima kuti ndilankhule za izi ndi ulendo wa mkulu wina, mlembi wa mpingo wa kumudzi, amene adafika kwathu tsiku lina masana thukuta lili kamukamu, atakulunga fulashi m'mpango ngati wanyamula dzira. M'kanthu kameneko munali maina a Akhristu amene adabatizidwa, kukwatitsidwa ndi kuikidwa m'manda pa mpingo wawo kwa zaka zambiri, maina amene iye mwini adawataipa ndi zala ziwiri kuchokera m'mabuku akale odyedwa ndi chiswe, pa kompyuta yakale imene mdzukulu wake adamukonzera. Tsono pofuna kuti mainawo asindikizidwe papepala, mkuluyo adapita nayo fulashi ku kashopu ka m'tauni kumene amataipa ndi kupulinta makalata, ndipo mnyamata wa pamenepo atailowetsa pa kompyuta yake ya Windows, padatuluka uthenga wakuti disiki imeneyi iyenera kufomatidwa isanagwiritsidwe ntchito, pansi pake pali mabatani awiri, lina lolembedwa Format disk, lina Cancel.

"Agogo, fulashi yanuyi yadwala," adatero mnyamatayo, "tingoifomata basi."

"Mwana wanga, kufomata n'kutani?"

"N'kuitsuka, agogo, kuti ikhale ngati yatsopano."

"Nanga ukaitsuka, maina a Akhristu atsala?"

Mnyamatayo adakhala chete pang'ono, nati satsala; pamenepo mkuluyo adatambasula dzanja, nati, "Taima, mwana wanga, ndibwezere kanthu kanga." Makolo adati safunsa adadya phula; mlembi uyu adafunsa, ndipo funso lake limodzi lidapulumutsa ntchito ya zaka. Mnyamata uja sindimuimba mlandu, pakuti adangotsata chimene makina adamuuza; koma ndinene poyera kuti uthenga umenewo, ngakhale umadza ndi nkhope ya chigamulo cha bwalo, kawirikawiri umangotanthauza kuti kompyutayo yalephera kuwerenga zimene zili m'katimo, ndipo ine ndikhumba kuti aliyense womvera, pofika kumapeto kwa nkhaniyi, akhale ndi mtima wa mkulu uja, wakudina Cancel ndi kuyamba wafunsa.

Kuti tione pamene pakhota nyani mchira, tiyeni tikumbuke za mlendo wofika pamudzi usiku. Amaima pabwalo nachita odi. Mwininyumba, ngati wamva, amafunsa ali m'kati kuti ndani. Mlendo amatchula dzina lake ndi kumene wachokera, m'chinenero chimene mwininyumbayo angachimve. Ndipo pokhapo chitseko chimatseguka, mphasa niyalidwa, malonje nayamba. Pochokanso sanyamuka chinyamukire ngati mbala, koma amatsazika, naperekezedwa. Indetu fulashi imalandiridwa momwemo, ndipo ikakanika kuoneka, ndiye kuti mwambowu waduka penapake. Ntchito ya munthu wodekha ndiyo kupeza pamene wadukirapo, kuyambira pa odi.

Bowo limene timalowetsamo fulashi, lotchedwa USB, lidakhazikitsidwa mu 1996 ndi makampani angapo atapangana, pakati pawo Intel ndi Microsoft, ndipo cholinga chawo chinali chomwechi, chakuti chipangizo chilichonse, kaya mausi, kaya pulinta, chizilowera khomo limodzi ndi kudzitchula chokha dzina. Mafulashi adatsatira mu 2000, ina mwa zoyambirira inali ThumbDrive ya kampani ya Trek ya ku Singapore, ina DiskOnKey ya M-Systems ya ku Israel, imene inkasunga ma megabyte 8 okha, ndiko kuti nyimbo ngati ziwiri. Mukasuzumira m'kamwa mwa fulashi wamba muona timizere tinayi tachitsulo; tiwiri ta m'mbali timanyamula magetsi a ma volt 5, tiwiri ta pakati timanyamula mawu. Fulashi ilibe batire yakeyake. Ikangolandira magetsiwo imadzuka, nichita odi pa timizere ta pakatito, ndipo kompyuta imaifunsa dzina lake ndi la kampani imene idaipanga, niipatsa nambala yoiitanira. Zonsezi zimatha m'kuphethira kwa diso, ndipo umboni wake ndi kakulira kaja kamene Windows imaliza, kapena kanyali ka pa fulashi kakamathwanima.

Tsono ngati mwalowetsa fulashi koma palibe kulira, palibenso kuwala, dziwani kuti odi sadamveke, ndipo musayambe mwavutika ndi mapulogalamu, pakuti mlandu uli m'zitsulo ndi m'mawaya. Apa kompyuta ya patebulo ili ndi khalidwe lakelake limene ambiri salidziwa. Mabowo a kutsogolo kwa bokosi, amene tonse timawakonda chifukwa ali pafupi ndi dzanja, amalumikizidwa ku thabwa lalikulu la m'kati, lija amisiri amati motherboard, ndi kawaya kamene kamatha kukhwefuka bokosilo likamasunthidwasunthidwa. Ndiponso ndi mabowo omwewo amene amaperepeseka msanga ndi kulowetsalowetsa, nadzala fumbi la m'chilimwe, pamene mabowo a kumbuyo adawotchereredwa pathabwalo mwachindunji, ndipo sakhudzidwa kawirikawiri. Chotero gwadani, mutembenuze bokosi, mulowetse fulashi kumbuyo, popanda waya wotalikitsira kapena kabokosi kaja kogawa bowo limodzi kukhala anayi. Ndipo mudzadabwa kuti nthawi zambiri mlandu umathera pomwepo. Fumbi likakhalamo liuzireni ndi mpweya kompyuta ili yozimitsa, koma singano kapena waya musalowetsemo, pakuti mukagundanitsa timizere ta magetsi mutha kupsereza bowolo mpaka kalekale.

Ngati kumbuyo nako kuli zii, kumbukirani kuti mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi. Lowetsani mausi m'bowo lomwelo, muone ngati igwira ntchito. Tengani fulashiyo mukaiyese pa kompyuta ya mnansi. Mausi ikagwira koma fulashi n'kukanika konsekonse, wolakwa ndi fulashi. Fulashi ikaoneka kwa mnansi, wolakwa ndi kompyuta yanu, ndipo mungayambe mwaizimitsa, kuizula ku khoma kwa mphindi imodzi, ndi kuiyatsanso. Eni ma hard disk akunja, aja aakulu ngati kabuku ka m'thumba, ali ndi chowonjezera chawo: m'kati mwa zipangizo zimenezo muli mbale yozungulira imene imafuna mphamvu yambiri podzuka, ndipo popeza bowo la USB 2.0 lidalonjeza ma milliamp 500 okha, pamene la USB 3.0, limene kawirikawiri lili ndi lilime la buluu, limapereka 900, disiki yosowa magetsi imangolira kuti tcha, tcha, ngati nkhuku yotola mapira pamwala, osadzuka ayi. Isamutsireni ku bowo la buluu musanaigamule kuti yafa.

Pali nthawi zina pamene odi amamveka koma dzina limatuluka lophwanyikaphwanyika, ndipo Windows imalemba kuti USB device not recognized. Pamenepo mungatsegule Device Manager, mupeze chipangizo chokhala ndi kachizindikiro kachikasu, muchichotse ndi Uninstall device, muzule fulashi ndi kuilowetsanso, kuti afunsane maina mwatsopano. Pa kompyuta ya Linux lamulo lakuti lsusb limatchula alendo onse amene adzitchula maina, ndipo lakuti dmesg limafotokoza m'mizere yake yotsiriza chimene chidachitika pakhomo. Izi ndingodutsamo msanga, chifukwa kumene kumatayikira chuma cha anthu ambiri ndi kutsogoloku.

M'kati mwa fulashi muli ngati dambo lalikulu logawidwa m'timinda ting'onoting'ono tosawerengeka, ndipo kalata imodzi imatha kumwazikana m'timinda totalikirana. Chimene chimasunga dongosolo ndi kaundula, wolembedwa m'fulashi momwemo, amene amanena kuti kalata yakuti ili m'timinda takutitakuti, monga momwe nyakwawa imadziwira malire a munda wa mbumba iliyonse. Kaundulayo akang'ambika, chimanga sichizuka m'munda, chimangosowa wochiloza. Ndipo kufomata, kumene mnyamata uja adakutcha kutsuka, ndiko kutaya kaundula wakale ndi kuika watsopano wopanda dzina ngakhale limodzi, amene amauza kompyuta kuti dambo lonse ndi tsala, ilime pamene ifuna.

Tsono kaundula ameneyu salembedwa m'chinenero chimodzi, ndipo apa ndi pamene pali chisokonezo chonga cha pa nsanja ya Babele. Pali FAT32, imene idadza mu 1996, yomveka kwa onse, kwa Windows, kwa Linux, kwa makompyuta a Apple, ngakhale kwa wailesi ya m'minibasi ndi kanema wa m'nyumba. Koma ili ndi chilema chakuti fayilo imodzi siingapitirire ma gigabyte 4, ndipo n'chifukwa chake vidiyo ya ukwati imakana kulowa m'fulashi imene ili ndi malo ambirimbiri, mwini wake nayesa kuti yawonongeka. Pali exFAT, imene Microsoft idatulutsa mu 2006 kuti ichotse chilema chimenecho, koma mawailesi ambiri akale saimva, ndipo Linux nayo idayamba kuimva yokha, popanda pulogalamu yowonjezera, m'chaka cha 2019, kotero kuti amene akadali ndi Linux yotchedwa Ubuntu ya kale kuposa mtundu wa 20.04 amatha kuona uthenga wakuti unknown filesystem type exfat, ndipo mankhwala ake ndi kuika pulogalamu ya exfat-fuse basi. Pali NTFS, chinenero cha kwawo kwa Windows chiyambire 1993, chimene kompyuta ya Apple imachiwerenga koma siilembamo. Ndipo pali ext4 ya Linux ndi APFS ya Apple, zimene Windows, mwa iyo yokha, siizimva mpang'ono pomwe.

Mlembi wathu uja adagwa apa. Mdzukulu wake, poukitsa kompyuta yakale ya agogo ake, adaikamo Linux, nakonzanso fulashiyo m'chinenero cha ext4. Ndipo Windows ya m'kashopu muja, itamva chinenero chachilendo, mmalo movomera kuti sikumva, idapempha kuti kaundula afufutidwe. Ine ndiona kuti uku ndi kulakwa kwa olemba uthengawo, pakuti munthu wosamva Chisena alibe ufulu wonena kuti Msena sakulankhula. Akadangolemba kuti kalembedwe aka sitikukadziwa, misozi yambiri ikadapewedwa.

Njira yoonera chimene chilipodi pa Windows ndi iyi, ndipo amene muli ndi pensulo lembani. Dinani batani la kumanja la mausi pa Start, musankhe Disk Management. Pamenepo pamaoneka madisiki onse amene kompyuta yawamva, ngakhale amene sakuoneka pa File Explorer. Yanu muizindikira ndi kukula kwake, ndipo musadabwe ngati ya ma gigabyte 16 ilembedwa 14 ndi kanthu, pakuti ogulitsa ndi Windows amawerenga mosiyana. Mukaona palembedwa RAW, ndiye kuti kaundula sakuwerengeka, kaya chifukwa ndi wachilendo, kaya chifukwa wang'ambika. Mukaona Unallocated, ndiye kuti tsamba loyamba, limene limanena malire a dambo lonse, lafufutika. Mukaona No Media, ndiye nkhani yachisoni, pakuti kachipangizo kolondera pakhomo kakuyankha, koma nkhokwe ya m'kati yaleka kuvomera, ndipo pamenepo mapulogalamu wamba sathandiza. Koma mukaona kuti kukula kuli bwino, chinenero chalembedwa FAT32, exFAT kapena NTFS, palembedwanso Healthy, komabe palibe chilembo, kondwerani, pakuti mlendo wanu walowa ndipo akungosowa mphasa.

Mphasa imeneyi amisiri amaitcha mount, mawu ochokera m'masiku amene makompyuta ankadzaza chipinda, pamene wantchito ankanyamula tepi yaikulu yokulungidwa pa chinthu chonga gudumu, naikweza pamakina ndi manja ake, makinawo asanayambe kuiwerenga. Pa Windows mphasayo ndi chilembo. A ndi B zidasiyidwira madisiki ofewa akale, C ndi ya disiki ya m'kati, ndipo mlendo amalandira D, E, F, motsatana. Koma zimachitika, makamaka m'maofesi mmene zilembo zina zidaperekedwa ku malo osungira a pa netiweki, kuti fulashi ipatsidwe chilembo chokhala kale ndi mwini, kapena isapatsidwe konse. Dinani kumanja pa fulashiyo mu Disk Management, musankhe Change Drive Letter and Paths, muipatse chilembo chakutali chimene palibe akuchilimbirana, monga R kapena T, ndipo nthawi yomweyo iwonekera ndi katundu wake yense.

Linux ilibe zilembo zotere. Kwa iyo zonse ndi mtengo umodzi wa mafoda, wokhala ndi tsinde limodzi ndi nthambi zambiri, ndipo mlendo aliyense amamezanitsidwa ku nthambi ina. Pa Ubuntu fulashi imamezanitsidwa yokha m'foda ya media, pansi pa dzina lanu. Ikapanda kutero, tsegulani pulogalamu ya Disks, musankhe fulashiyo kumanzere, mudine kabatani kokhala ndi chizindikiro cha ngodya zitatu. Ikakana, ikuuzani chifukwa chake, ndipo mawuwo alembeni papepala ndendende, pakuti ndiwo amene mmisiri adzawafune. Amene saopa kulemba malamulo angalembe lsblk, ndiko kuti l, s, b, l, k, ndipo aona maina onga sda ndi sdb. Kawirikawiri sda ndi disiki ya m'kati, sdb ndi mlendo, ndipo sdb1 ndi chigawo chake choyamba. Lamulo lakuti sudo mount /dev/sdb1 /mnt limayala mphasa ndi manja. Koma ndikudandaulireni, abale anga, yang'anani kukula kwa disiki kawiri musanalembe chilichonse, chifukwa kusiyana kwa a ndi b ndi chilembo chimodzi, koma lamulo lofufuta likalunjika pa disiki yolakwika limasesa nyumba yanu yonse.

Palinso chokhumudwitsa china chimene chimasautsa ongoyamba kumene Linux, chakuti fulashi yatseguka, mafayilo akuoneka, koma mukafuna kulembamo imati Permission denied. Chifukwa chake n'chakuti mawu aja akuti sudo amatanthauza kuti mwalamula m'dzina la mfumu ya makinawo, yotchedwa root, ndipo mlendo amene walandiridwa m'dzina la mfumu amamvera mfumu yokha. Itsitseni ndi sudo umount /mnt, kenaka muitsegule mwa njira ya masiku onse, podina dzina lake pa pulogalamu ya mafayilo kapena pa Disks, kuti ilandiridwe m'dzina lanu. Ndipo ikakhala ya NTFS, Linux n'kuitsegula yongowerenga kapena kuikana kumene, kawirikawiri ndiye kuti idachoka kwa Windows yosatsazika, kaundula wake ali ndi chizindikiro chakuti ntchito idasiyidwa panjira. Linux imaopa kulemba pa tsamba limene mnzake sadalitseke, ndipo ine ndiyesa mantha amenewo nzeru. Ibwezereni ku Windows, pa Command Prompt mulembe chkdsk, chilembo cha fulashiyo ndi timadontho tiwiri, kenaka /f, ndipo ikatha muitulutse mwaulemu.

Izi zatifikitsa pa kutsazika, kumene ine ndikuona kuti ndiko gwero la akaundula ambiri ong'ambika. Kompyuta ikakuuzani kuti kukopera kwatha, sikuti nthawi zonse zonse zafika m'fulashi. Zina imazigwirizira m'chikumbumtima chake kuti izilembe ikapeza mpata, ndipo Linux imachita chotere kwambiri, kotero kuti kamzere ka pa sikirini kamatha kufika kumapeto pamene kulemba kwenikweni kukadali pakati. Mukazula pamenepo, mwalanda cholembera m'dzanja la mlembi asanatsirize mzere. Kudina Eject, kapena Safely Remove Hardware, ndiko kuuza kompyuta kuti mlendo akunyamuka, imupatse katundu wake yense, itseke kaundula. N'zoona kuti kuyambira pa Windows 10 ya mtundu wa 1809 Microsoft idasintha kuti mafulashi azilembedwa nthawi yomweyo, koma ngakhale pamenepo kuzula kanyali kakuthwanima kumawononga. Ndipo kwathu kuno, kumene magetsi amatha kuzima osatsazika, kompyuta ya patebulo ili pangozi yoposa laputopu, popeza ilibe batire yoigwiriziza. Chotero musazolowere kutaipa kalata yanu m'fulashi momwemo tsiku lonse, koma ikopereni pa kompyuta, mugwirire ntchito pamenepo, ndipo pomaliza muibwezere m'fulashi ndi kuitulutsa.

Mtundu wina wa kulira ndi uwu: fulashi yatseguka bwinobwino, ikuonetsa kuti malo ake ndi odzaza, koma mafoda onse asanduka timashotikati tokhala ndi kamuvi pangodya, kapena asowa. Iyi ndi ntchito ya vairasi imene imayenda m'makompyuta a m'mashopu opulintira ndi okoperako nyimbo. Mafayilo anu siidawadye. Idangowaveka chizindikiro chakuti abisike, niika timashotikati m'malo mwawo kuti mukatidina iyo ilowe m'kompyuta yanu. Musatidine. Yambani mwaiyeza fulashiyo ndi antivairasi, kenaka pa Command Prompt mulembe attrib -h -r -s /s /d ndi chilembo cha fulashi chotsatidwa ndi :\*.* ndipo zobisika zonse zituluka poyera. Kapena ilowetseni pa Linux, imene siisamala zizindikiro zobisirazo. Ndipo mukapeza kuti kompyuta ya ku ntchito kwanu imakana mafulashi onse, musathamangire kunena kuti yawonongeka, pakuti maofesi ambiri amatseka mabowowo dala. Vairasi ya Stuxnet, imene idadziwika mu 2010 itawononga makina a ku Natanz m'dziko la Iran, inkayenda m'mafulashi, ndipo nayonso inkadzera pa mafayilo a shotikati. Khomo limene mwini adatseka, pemphani kwa mwini.

Nanga amene dzanja lidawatsogolera, nadina Format disk? Musataye mtima msanga. Ngati kufomatako kunali kwa Quick Format, kumene kumatha m'kanthawi kochepa, kaundula yekha ndiye adasinthidwa, chimanga chikadali m'munda; koma kufomata kwathunthu, kuyambira pa Windows Vista, kumalemba ziro pamalo ponse, ndipo pamenepo palibe chotola. Lamulo lalikulu ndi limodzi, kaya mwafomata, kaya mwaona RAW kapena Unallocated pa fulashi ya chinenero chodziwika: musalembemo kanthu kena, ngakhale kanyimbo kamodzi, pakuti chilichonse chatsopano chimagwera pamwamba pa chakale. Pali mapulogalamu awiri aulere, olembedwa ndi Christophe Grenier wa ku France: TestDisk imayesa kubwezeretsa malire ndi kaundula, pamene PhotoRec imasiya kaundula, niyenda munda ndi munda kuzindikira zithunzi ndi makalata mwa maonekedwe awo. Zimene PhotoRec yatola zimabwera zopanda maina awo akale, kotero kuti mudzakhala pansi kutsegula chimodzichimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zopulumutsidwazo muzisungire pa disiki ina, osati m'fulashi yodwalayo. Ndipo ngakhale chkdsk, amene ndamutchula uja, musamuitane musanakopere chilichonse chimene chikadawerengeka, chifukwa iye pokonza kaundula amatha kudula zimene sakuzimvetsa.

Sindingabise kuti mafulashi ena adabadwa onama. Mumsika mumapezeka zolembedwa ma gigabyte ochuluka pa mtengo wa tomato, zimene m'kati mwake muli malo ochepa, koma kachipangizo kake kadaphunzitsidwa kunena bodza. Zimalandira mafayilo mosakana, koma malo enieni akadzaza, zotsatira zimatayika kapena kulembedwa pamwamba pa zoyamba, ndipo mwini amadziwa patapita miyezi, zithunzi zikukana kutseguka. Pulogalamu ya H2testw pa Windows, kapena f3 pa Linux, imadzaza fulashi yatsopano ndi kuiwerenganso yonse, niulula kukula kwake kwenikweni. Ichiteni tsiku logula, musanaikemo chamtengo. Ngakhale fulashi yoona nayo imakalamba, pakuti tizipinda take timatha ndi kulembedwalembedwa. Ndipo zina zikamva kuti mphamvu zatha zimadzitseka zokha, n'kumalola kuwerenga kokha, uthenga uli wakuti write protected. Yang'anani ngati pambali pake pali kaswitchi kamene kasunthika. Ngati palibe, musalimbane nayo kuti muifomate, pakuti imeneyo ikutsazika, ndipo yakupatsani mpata wotsiriza wotulutsa katundu wanu. Fulashi ndi dengu lonyamulira, ndipo dengu sasungiramo chakudya cha chaka. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, chomwechonso kalata yofunika ikhale m'malo awiri kapena atatu.

Nthawi yathu yatsala pang'ono kutha, koma ndisakusiyeni m'malere za mlembi uja. Nditamva kuti kompyuta ya kwawo idakonzedwa ndi mdzukulu, ndidayatsa yanga ya Ubuntu, ndidagwada kumbuyo kwa bokosi, ndi kulowetsa fulashi yake. Kanyali kadathwanima, ndipo tisanatsirize n'kulonjerana komwe foda idatseguka pa sikirini. Tidakopera zonse pa kompyuta yanga, tidaikanso m'fulashi ina ya FAT32 yoti apite nayo kokapulinta.

"Tsono kanthu kangaka n'kamoyo?" adafunsa.

"N'kamoyo, bambo, kamangolankhula chinenero cha kwa mdzukulu wanu."

Adavala magalasi ake, nasendeza mpando pafupi, nandipempha kuti nditsegule kaundula wa maukwati ndi kutsitsa tsamba pang'onopang'ono. Chala chake chidayenda pa galasi la sikirini dzina ndi dzina, chaka ndi chaka, kufikira pa mzere wina pamene chidaima. Panali dzina lake ndi la malemu akazi ake. Adakhala chete nthawi ndithu, kenaka adavula magalasi, nawapukuta ndi mpango womwe uja adakulungira fulashi, nati, "Onse alipo."